Bronwen Akupitabe ku Usilikali

"Ndi mlandu uja? Sangakutenge," anatero a Emrys, amalume ake a Bronwen, akutafuna soseji yotsala pamaliro. "Ine usilikali ndinaugwirapo. Safuna anthu amtima wapachala."

Bronwen anapitiriza kutsuka makapu. Bambo ake, a Idris, anaikidwa dzulo lake, ndipo maluwa a anansi anali mbwee m'nyumba monse.

"Ndinangoswa galasi la galimoto, amalume, sindinaphe munthu. Akuluakulu a usilikali ndinawauza ndekha asanandifunse. Akuti ndipite Lolemba tikakambirane."

Mwini galimotoyo anatseka nayo njira tsiku limene ambulansi inabwera kudzatenga a Idris, n'kumayankha ali pawindo kuti adye kaye. Bronwen anatola njerwa. Khoti linamulamula kukasesa m'paki, iye anasesa, koma kupepesa anakana.

"Nanga mayi akowa?" A Emrys analoza mlongo wawo ndi foloko. "Uwasiye okha dothi la pamanda lisanaume? Bambo ako anakalambira m'misewu, atanyamula zikwangwani zokana nkhondo. Lero uwalavulire?"

"Mezani kaye sosejiyo musanawatchule."

"Tamumva mwanayu!"

"Anandiuza okha kuti ndikadzavala yunifolomu sakufuna kundiona. Ine ndinati atseke maso." Bronwen anaika kapu pambali. "Tinkakangana tsiku ndi tsiku, inu kulibe. Lolemba ndikupita. Akandibweza, ndidzapitanso, mpaka atope nane."

A Glenys, mayi ake, anadzuka n'kukwera kuchipinda cham'mwamba. A Emrys anapukusa mutu.

"Waona? Wawaliza."

Koma a Glenys anatsika maso ali gwa, atanyamula nsapato zakuda zajombo. Anaziika patebulo, pakati pa mbale.

"Bambo ako anagula izi atangotuluka m'chipatala," anauza Bronwen. "Paja iwe ndi iwowo phazi lanu ndi limodzi. M'mawa uliwonse ankavala popita kukagula nyuzipepala, ndodo kumanja, akutukwana asilikali njira yonse. Ndikawafunsa, ankati, 'Mwana wamakani uja apitabe. Bola zifewe, zisakamutulutse matuza. Koma usamuuze, angayese ndavomera.'"

A Emrys anaika foloko pansi.

Bronwen anapukuta manja pamalaya. Anatenga nsapato imodzi n'kulowetsamo dzanja mpaka kuzala. Chikopa chinali chofewa, chitachita makwinya pamene pankapindikira phazi la bambo ake.