Zala za Nasopo

M'tauni ya pamalire ija aliyense ankamutcha Nasopo, moti dzina lake lenileni linali litaiwalika. Anatha zaka makumi awiri ndi zitatu akuchapa ndi kusita mayunifolomu a anthu ogwira ntchito pachipata cha malire. Nyumba yake inali kuseri kwa ofesi yawoyo: chipinda chimodzi, kakhonde, mabafa atatu apulasitiki, simbi yamakala, ndi chingwe choyanikira chochoka pamtengo wa mango kukafika pachimbudzi. Akaima pachingwepo ankaona mlatho, mtsinje wotsika m'mapiri kukathira m'nyanja, ndi denga lobiriwira la chipatala cha kutsidya. M'chipatala chimenecho ndi mmene anagonekedwa achemwali ake aakulu, amene anamulera mayi awo atamwalira, kenako n'kukwatiwa kutsidyako.

Lachitatu m'mawa alamu ake anaimba foni. "Mlamu, bwerani lero. Akungotchula inu. Adokotala akuti tisadikire mawa."

Zovala anazisiya zonyika m'bafa. Anasintha nsalu, n'kutenga chiphaso chake pansi pa matiresi, ulendo wa kuchipata.

Kale kuwoloka kunali ngati kupita kwa aneba. Akuluakulu akale ankangomukwezera dzanja, ena n'kumutuma machesi pobwera. Koma chaka chimenecho kunabwera kabokosi kagalasi koika chala: ukaika, nkhope yako ioneke pakompyuta, ndiye chidindo chitsike. Nasopo anali asanawolokepo chibwerere kabokosiko. Akanawoloka liti, malaya akubwera tsiku ndi tsiku?

Pawindo panali a Kolala, bambo wochokera kumzinda, amene anapatsidwa dzinalo chifukwa chobweza malaya kolala ikangokhala ndi kakhwinya kamodzi.

"Ikani chala apa, mayi."

Anaika. Kabokosi kanayaka kofiira n'kulira.

"China."

Anaika china, kenako china, mpaka zonse khumi. A Kolala anamuuza kuti atambasule manja, ndipo onse awiri anayang'ana. Nsonga za zalazo zinali see, ngati kasopo kotsala. Madzi, sopo, mankhwala oyeretsera ndi simbi yotentha zinali zitafufuta mizere yonse.

"Makina sakukudziwani, mayi."

"Makina asandidziwe, inuyo mukundidziwa. Malaya mwavalawo ndasita ndine, ndabweretsa kusanache bwino."

"Kudziwa ndikukudziwani. Koma popanda chala chidindo sichitsika, ndipo ndikakudutsitsani chonchi ntchito yanga yatha. Pali fomu ya anthu otere. Imapita kulikulu, masabata awiri yabwera."

"Achemwali anga alibe masabata awiri, bwana. Alibe ndi mawa lomwe."

A Kolala anati pepani, n'kuitana wotsatira.

Ndiye mudziwa anthu apamzere, aliyense ndi dokotala. Wina anati apake chala pamphumi kuti chigwire mafuta. Wina anati achiuzire mpweya. Mayi wina wogulitsa nthochi anati akanyike m'madzi kaye, kuuza munthu amene moyo wake wonse wathera m'madzi. Nasopo anachita zonsezo, osasiya ngakhale chimodzi, manyazi atawaika pambali. Kabokosi kanangolira chimodzimodzi.

Anatsikira kudooko la kumunsi, kumene anthu amadutsa mozemba. Mabwato onse anali atakokeredwa kumtunda. Mvula inali itagwa masiku atatu kumapiri, ndipo mtsinje unali wofiira, ukukokolola mitengo ya nthochi ndi mbuzi yakufa miyendo m'mwamba. Mwini bwato sanadzuke n'komwe pamene anakhala.

"Mayi, mukufuna maliro akhale awiri?"

Anabwerera kuchipata dzuwa lili paliwombo. Anapempha kuonana ndi bwana wamkulu, amene ankawachapira ngakhale zam'kati. Anamuuza kuti apita kumsonkhano ndipo foni yawo ndi yothima. Anakhala pabenchi yapanja, chiphaso chili m'manja, mtima ukuwawa. Oyendetsa malole ochokera kutali, anthu osadziwa ngakhale dzina la mtsinjewo, ankafika, kuika chala, kabokosi kobiriwira, basi awoloka. Iyeyo amene anabadwira pomwepa, amene ankadziwa yemwe mwa akuluakuluwo amatuluka thukuta lonunkha ndi yemwe amabwera ndi zopakapaka za akazi pakolala, ndiye anali mlendo. Mlonda wapachipata pofuna kumutonthoza anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nasopo anangomuyang'ana, mlondayo n'kusuntha.

Cha m'ma thu koloko foni inaliranso. Alamu anali ataiika pakhutu pa wodwalayo. Mawu ankamveka ngati ochokera m'chitsime.

"Wafika pati, iwe?"

"Ndili pamlatho, achemwali. Ndikubwera."

"Iwe kuchedwa unayamba uli mwana. Fulumira."

Anapitanso pawindo. Ulendo uno anagwada, mayi wa imvi kugwadira munthu wa msinkhu wa mwana wake, pasimenti yonyowa, anthu akuona. A Kolala anatuluka n'kumudzutsa mwaulemu wonse. Anapukuta galasi la kabokosi ndi mpango wawo, mpango umene anausitanso ndi Nasopo yemweyo, ndipo anayesa naye zala zonse kawiri. Munthuyo sanali wankhanza ayi, ndipo n'chimene chinkapweteka kwambiri. Akanakhala wamwano bwenzi atamutukwana mtima n'kupepuka.

Itangokwana folo koloko, Nasopo anaona munthu akubwera wapansi pamlatho, chipewa chili m'manja. Anali alamu ake, amene sankavula chipewa ngakhale pakudya.

Alamuwo anaika chala chawo, kabokosi kobiriwira, n'kulowa. Anapereka pawindo kalata yakuchipatala. A Kolala anaiwerenga, anaimirira, navulanso chipewa chawo.

"Pepani kwambiri, mayi. Mwataya mayi wachiwiri." Anatsokomola pang'ono. "Koma za maliro lamulo ndi lina. Wachibale amadutsa ndi kalatayi basi, chala sitifuna."

Anatulutsa chidindo chakale m'dirowa, chodindira pamanja, n'kudinda chiphaso cha Nasopo. Tsiku lonse chidindocho chinali momwemo, pafupi ndi bondo lawo. Anatuluka n'kukamutsegulira okha kachipata ka oyenda pansi.

Nasopo anaima pakachipatapo. Anayang'ana kolala ya malaya aja: inali yowongoka bwinobwino, popanda khwinya, ntchito ya manja ake.

"Mukanandiuza m'mawa muja, bwana," anatero motsitsa mawu, "kuti ndingodikira amwalire. Sindikanavutika kugwada."

Alamu anamugwira pamkono, nayamba kuyenda. Kuchoka pachipata kukafika pakhomo la chipatala cha denga lobiriwira anayenda mphindi zisanu ndi imodzi zokha.