Pauline Akana Kugwira Penshoni ya Antchito

"Mwanawe, chimene chikundidyera ndalama apachi ndi chiyani?"

A Saiti, amene ankaphika pa loji ina pamwamba pa phiri la Zomba, anayala kapepala ka malipiro patebulo la Pauline. Pauline ndiye ankakonza malipiro a antchito onse pamalopo.

"Khalani pansi, bambo," anatero Pauline, akulozera ndi cholembera. "Mzere wapamwambawu ndi malipiro anu asanadulidwe. Uwu ndi msonkho, umapita kuboma, umenewu ingouiwalani. Koma wapenshoniwu ndi wanu ndithu. Inu mumadulidwa pang'ono, abwana amaonjezerapo gawo lawo, zonse timakasungitsa kukampani ya penshoni. Mukadzapuma pantchito mudzazipeza zitaswana."

"Zitaswana? Ndiye kuti ndili ndi mbuzi zoti sindinazionepo," anaseka a Saiti. "Chabwino, bola m'busa wake ndi iweyo."

Atangotuluka, analowa a Douglas, eni ake a lojiyo. Masiku amenewo magetsi ankazimazima, ndipo alendo ena anali atayamba kubwerera pageti.

"Za penshoni za mwezi uno usatumize," anatero motsitsa mawu. "Ndikufuna kugula jenereta. Antchito uziwadula monga mwa nthawi zonse, tidzabweza zinthu zikayenda."

Ntchito imeneyi Pauline anaipeza movutikira, ndipo kunyumba kwake ku Mbedza kunali ana awiri apasukulu ndi mayi ake odwala shuga.

"Bwana, jenereta ikufunikadi, zimenezo sindikutsutsa. Koma ndalamazi si zathu. Ine ndangowauza kumene a Saiti kuti zawo zikusungidwa."

"Iwowo akadziwa bwanji?"

"Sangadziwe. Koma kapepalako ndimalemba ndine. Ngati sititumiza, ndiye tisawadule, ndipo muwaitane nonse mukambirane poyera. Zolemba kuti ndalama yapita pomwe sinapite, pepani, ine sindingathe."

"Ukudziwa kuchuluka kwa ana a ku yunivesite amene akufuna mpando umenewu?"

"Ndikudziwa, bwana."

Anatero mosakweza mawu, kenako anatenga chikalata cholamula banki kutumiza ndalamazo n'kuchiika pamaso pawo, cholembera pambali.

A Douglas anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayenda kukafika pawindo, anabwerera, n'kusayina mwaukali mpaka pepala linabooka. Anatuluka osatsazika.

Poweruka, a Douglas ankakonda kumutenga Pauline pagalimoto mpaka m'tauni. Tsiku limenelo anamudutsa pageti, mawindo ali otseka. Pauline anavula nsapato zazitali, navala zapulasitiki zimene ankasunga m'chikwama, n'kuyamba kutsika phiri wapansi.

Pa njira yachidule yodutsa m'mapayini anawapeza a Saiti akutsikira kwawo ku Chinamwali.

"Lero abwana akusiya? Mwalakwirana chiyani?"

"Palibe, bambo. Ndimafuna ndiwongoleko miyendo."

A Saiti anamuyang'ana cham'mbali, koma sanafunsenso. Anangomulanda chikwama chija n'kuchipachika paphewa pawo, natsogola, akumuchenjeza malo oterera.