Nsonga ya singano

Singano itathyoka, ndinatola zidutswa ziwiri pansi pa makina. Nditazilumikiza, ndinaona kuti nsonga palibe.

Pamalo pathu posokera zovala za makanda ku Mbeya, eni ake a Mwaipopo anaika lamulo chaka chatha: munthu salandira singano yatsopano asanamate zidutswa zonse za yothyokayo pakapepala. Nsonga ikasowa, zovala zonse za patebulo pake sizituluka. Patebulo panga panali timadiresi makumi anayi, ndipo galimoto ya ku Tunduma inkabwera kudzatenga katundu masana omwewo.

"Iwe Mama Subi, ingothyola nsonga ya singano ina umatepo," anandinong'oneza Tumpale, amene amasoka pafupi nane. "Mdalayo saona ngakhale nthochi m'mbale mwake."

Ndinaseka, koma mtima sunakhale pansi. Mwana wanga Subi amaika chilichonse m'kamwa, kolala ndiye amachita kuyamwa. Ndinadzuka n'kukawauza a Mwaipopo.

A Mwaipopo sanakalipe. Anabweretsa maginito, tinayamba kuwayendetsa pa kadiresi kamodzikamodzi. Tumpale anasiya makina ake n'kudzatithandiza, uku akudandaula kuti tiyi wake akuzizira chifukwa cha mantha anga.

Galimoto inafika. Dalaivala analiza hutala kawiri, kenako ananyamuka osatenga katundu wanga. Tinapitiriza.

Titatsala ndi timadiresi tisanu ndi tinayi, maginito anakoka mpendero wa kadiresi kachikasu. Ndinamasula ulusi pang'onopang'ono, kansongako kanagwera m'dzanja langa, kochepa kuposa njere ya mpunga.

"Matani pakapepala, Mama Subi," anatero a Mwaipopo, akutsegula kabokosi ka masingano.