Bondo la a Kamtedza ku China

Ndi bodza, anthu inu, bodza lamkunkhuniza. Zoti a Kamtedza, mkulu wa mpingo kuno ku Mitundu, adakapembedza fano ku China n'zoona pachithunzi pokha. Mudachiona nonse, musanamizire kupemphera: bondo pansi pamwala wonyowa, manja pamodzi, dazi lili mbee, utsi wa lubani uli tolo, kumbuyoko chinkhope cha Buda, phiri lathunthu losemedwa munthu, chikuyang'ana pansi ngati chikulandira wotembenuka mtima. Chidathamanga m'mafoni kuposa uthenga wa maliro. Koma amene adachijambula simumukayikira, poti ndi Nangondo, mkazi wawo, mayi wofatsa uja wogwada popereka madzi.

Adapitako awiriwo poitanidwa ndi mwana wawo Chikaiko, amene akuphunzira zomanga milatho kumeneko. Dziko la nkhungu, dziko la mvula yamawawa, yosagunda, yosang'anima, yongonyowetsa munthu mwakachetechete. Fumbi kulibe. Koma Nangondo adanyamula lake fumbi, lakalekale, losaoneka pokusecha pabwalo la ndege.

Fumbi la kumanda. Chikaiko ali wakhanda wodwaladwala, mayi ake a Nangondo adamumanga kachingwe ka mankhwala m'chiuno. A Kamtedza adakadula ndi lezala, adakakulunga mumpango, adakapita nako kubwalo la akulu a mpingo kukaneneza apongozi awo enieni kuti ndi opembedza mafano. Mayiyo adadulidwa mumpingo, ndipo imfa idawapeza asanabwezeretsedwe. Maliro awo adali zii. Popanda nyimbo, popanda bulauzi yoyera ndi imodzi yomwe, makasu okhaokha di di di, fumbi koboo. Madzulo ake Nangondo adagwada, adati madzi osamba ali kubafa. Adagwada chaka chimenecho, adagwada chaka chinacho, mpaka imvi.

Ku Chinako adayamba n'kukaona nyama yakumeneko yotchedwa panda. Chinyama chonga chimbalangondo, maso bii, makutu bii, mimba mbee, chitakhala tambalale ngati mkamwini amene apongozi ake apita kumunda. A Kamtedza adaseka mpaka kutsokomola, amvekere nyama yopusa chotere kwathu ikadatha kalekale ndi tsabola. Nangondo sadaseke. Iye adayang'ana kukamwa. Nsungwi imene kwathu timalukira nkhokwe, nsungwi yobunthitsa chikwanje, inkangoti phwa, phwa, ngati nzimbe. Nkhope ya mwana, nsagwada za fisi. Chinyamacho chidamuyang'ana, iyenso adachiyang'ana, ngati amayi awiri amene akumana pachigayo n'kumvana osalankhula.

Kenaka kwa Buda. Makwerero otsetsereka m'mbali mwa thanthwe, mtsinje uli mbuu pansi, chala chakuphazi cha mwalawo chokwanira banja kukhalapo. Anthu akuwerama, anthu akuyatsa lubani, a Kamtedza akutsika akulalikira okha kuti mwala ndi mwala, ndipo wougwadira ndi mwala mnzake. Chikaiko adatsalira kumtunda, akugula madzi. Pamenepo kamphepo kochokera kumtsinje kadangoti chipewa cha a Kamtedza tswii, mpaka pachithaphwi.

Adachitola ndi nkhalamba yometa mpala, yamkanjo wotuwa, imene inkasesa pamenepo. Idachikung'untha, idachipukuta ndi mkono wa mkanjo wake, idachibweretsa ndi manja awiri. A Kamtedza Chitchaina alibe, ngakhale liwu limodzi. Adachita monga adawalelera kwawo munthu wamkulu akakuchitira chabwino: bondo pansi, manja phu phu phu.

Foni idali kale m'manja mwa Nangondo. Sadadule kanthu, sadawonjeze kanthu. Adangopotoza dzanja pang'ono, pang'ono zedi, nkhalamba ija ndi chipewa chomwe n'kutsalira kunja. Adatumiza kugulu la amayi a mpingo ndi mawu awiri okoma: tafika bwino.

Atabwerako, bwalo lidakhala. Chipinda chomwechija, benchi lomwelija limene adakhalapo apongozi. A Kamtedza thukuta kamukamu, adafotokoza za mphepo, za chipewa, za nkhalamba yosaoneka. Abusa adati nkhani yamveka, koma mboni ili kuti? Ukulu wa mpingo wonse udalenjekeka pa lilime la munthu mmodzi.

"Amake Chikaiko," adatero a Kamtedza, "tawauzani anthuwa za chipewa chija."

Nangondo adagwada bwinobwino, maso pansi, manja pamiyendo.

"Za mafano ine sindizidziwa, abusa. Katswiri wozizindikira ndi abambowa."

Lero a Kamtedza amakhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene fumbi la Okutobala limalowera. Jekete lawo lakuda limatuluka lili mbuu. Nangondo amasesa pabwalo m'mawa akung'ung'udza nyimbo ya maliro, imodzimodziyo, imene idasowa woyimba tsiku lija. Musandifunse ndidazimva kwa yani. Mipanda ya kuno ndi yaudzu.

Tsono katsegulenso foniyo, muyang'anitsitse. Bondo lomwelo, utsi womwewo, dazi lomwelo lili mbee. Koma onani milomo ya chinkhopecho, yotsekeka, yomwetulira chamumtima, yodziwa koma yosanena, ndipo mundiuze ngati simudaionepo pa mayi wina wogwada popereka madzi.

A Kamtedza sadagwadire Buda, ankathokoza nkhalamba imene idawatolera chipewa.