Gitala Yotchipa ya Abambo

Kachete anali atagwada pafupi ndi bedi la makolo ake, chala chake chikukanikiza kathabwa kakuda kamene kamagwira nsambo pamimba pa gitala. Akakanikiza, kathabwako kankabwerera m'malo mwake. Akachotsa chala, kankadzukanso chakumbuyo, n'kusiya mpata woti munthu n'kulowetsamo chikhadabo. Anayesa kachitatu. Anayesanso kupakapo malovu, ngakhale ankadziwa kuti zimenezo n'zachibwana.

Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a bambo ake. Dzulo lake masana, alendo atayamba kuchepa m'nyumbamo, iye anatsitsa gitalayo pa msomali. Sikanali koyamba. Kwa zaka ziwiri ankaiimba mobisa, bambo ake akapita ku ntchito yawo yowotcherera zitsulo, amayi ake ali kogulitsa zovala. Akamaliza ankaipachikanso mmene anaipezera, lamba wake atapendekera kumanzere. Sanauzepo munthu. Dzina lakuti Kachete anam'patsa ndi bambo akewo, chifukwa kuyambira ali wamng'ono mawu ankachita kum'kumba ngati mbatata.

Dzulolo anali ndi foni ya malemu m'manja, poti amayi ake anam'patsa kuti aziyankha mauthenga a chipepeso. Anaikamo kapulogalamu kochunira gitala. Kapulogalamuko kanati nsambo zonse zisanu ndi imodzi zinali pansi kwambiri. Mtima unamuwawa. Anaganiza kuti m'masabata amene bambo ake ankadwala, gitala yawo inakhwefuka chifukwa chosowa woisamala. Choncho anakunga nsambo imodziimodzi mpaka foni inawala zobiriwira. Mawu anakwera, nsambo zinauma ngati waya wa mpanda, zala zinamupweteka. Anaipachika akuganiza kuti wawachitira bambo ake zabwino. Mmawa uno ndiye anapeza zimenezi.

Kubalaza kunkamveka mawu a bambo ake aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, amene anali asanabwererebe kwawo.

"Alamu, ine sindikuti tigulitse lero," iwo anatero, supuni ikulira m'kapu ya tiyi. "Ndikuti tingodziwa mtengo wake basi. Achimwene anandiuza ndi pakamwa pawo kuti gitala imeneyi ndi yodula, yosapezekapezeka. Mwanayu chaka chamawa akufunika ku koleji. Ndiye chinthu chizingolendewera pakhoma, akangaude azichitiramo lendi?"

"Chizilendewera. Khomalo ndi langa," anayankha amayi ake a Kachete.

"Aziimba ndani? Inuyo?"

Kachete anamva funsolo likulowa m'chipindamo ngati likufuna iyeyo. Anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Chabwino," amayi anatero patapita kanthawi. "Tiyeni tikaumve mtengowo kuti mtima wanu ukhale pansi. Koma ndipita nawo, ndipo ndibwerera nayo. Kachete! Ika gitala ya abambo ako m'chikwama chake, tikutuluka."

Anaiika. Zipi ya chikwamacho inadutsa pamwamba pa kathabwa kaja, ndipo anamva kakulira kuti tse, pang'ono chabe.

Mu basi anakhala pakati pa amayi ake ndi zenera, gitala itaima pakati pa maondo ake. Basi ikagunda dzenje, ankaikweza m'mwamba kuti isagunde pansi. Amayi ake anali ataonda m'masiku ochepawo, mphete ikuchita kuzungulira pa chala. Chiyambireni maliro, katundu yense wa malemu analola kuti abale amugwire, nsapato, majekete, zida za ku ntchito. Gitala yokha ndi imene anaikaniza. Mmawa uliwonse ankaipukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu yawo, osaitsitsa pa msomali.

"Amayi," anatero Kachete.

"Chiyani?"

Bambo aang'ono anatembenuka pa mpando wakutsogolo, makutu ali tcheru.

"Palibe. Kukutentha."

"Tsegula zenera, nanga ukufuna ndikupepese?"

Anatsikira pa msewu wa mashopu a mawailesi ndi mafoni. Bambo aang'ono anafunsa anthu awiri, ndipo onse analoza kanjira ka kuseri kwa shopu ya utoto. Kumeneko kunali kachipinda konunkha guluu ndi vanishi. Kudenga kunkalendewera magitala opanda nsambo, ena opanda makosi. Mmisiri wokonza magitala, bambo wamfupi wa pensulo kukhutu, anali akupala kafupa koyera ndi fayilo. Atadzutsa mutu, anayang'ana chikwama chisanafike n'komwe pa tebulo.

"Chikwama ichi ndikuchidziwa," iye anatero. "Cha awelda aja, oseka ndi mapewa. Ali kuti eni ake, achita ulesi lero?"

"Anatisiya sabata yatha," anatero amayi.

Mmisiri anaika fayilo pansi. Anachotsa pensulo kukhutu ngati kuti ndi chipewa, n'kuigwira ndi manja awiri. "Pepani, mayi. Sindinamve. Pepani kwambiri."

"Zachitika," anatero bambo aang'ono, akukoka mpando. "Ine ndine mng'ono wawo. Tabwera kuti mutiuze chilungamo, bwana. Musatinyengerere chifukwa tili pa chisoni, komanso musatidyere masuku pamutu. Chinthuchi ndi chamtengo, tikudziwa."

Mmisiri anatsegula zipi. Kachete anayang'ana pansi, pa tizidutswa ta matabwa tomwe tinali mbwee.

"Aaa! Wachita izi ndani?"

Manja a mmisiri anathamangira ku makiyi a kumutu kwa gitala, n'kuyamba kumasula nsambo mofulumira, imodzi pambuyo pa inzake, mawu ake akutsika ngati galimoto yothera mafuta. Mpata uja unali utakula. Tsopano munthu akanatha kulowetsamo ndalama yachitsulo.

"Ndinanena ine!" anakuwa bambo aang'ono. "Pamaliro anthu amalowa chipinda chilichonse. Alamu, ndinakuuzani kuti muzikiya. Si ana a achemwali anu aja amenewa? Manja awo sakhala pansi."

Amayi sanawamve. Anayandikira tebulo, n'kuika chala pa mng'aluwo mofatsa, ngati akukhudza chilonda cha mwana.

"Dzulo mmawa inali bwinobwino," anatero motsitsa. "Ndinaipukuta ndekha. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinati ndiwasungire. Chimodzi chokha, chandikanika."

Kachete akanatha kukhala chete, ana a achemwali a amayi ake akanasenza mlanduwo ali kutali, ndipo palibe akanadziwa. Koma amayi ake anali akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndine."

"Wati chiyani?" anafunsa bambo aang'ono.

"Ndine ndinakunga nsambo. Dzulo masana. Foni inati zili pansi, ndiye ndimaganiza kuti ndikukonza." Anameza malovu. "Ndimaiimba, amayi. Ndinayamba kalekale. Ndinkaitenga inu ndi abambo mukachoka. Pepani."

"Iwe?" Bambo aang'ono anadzuka pa mpando. "Iwe amene kupereka moni kumakuvuta? Ukudziwa chuma chimene waononga? Koleji yako yomwe ndi imeneyi wathyolayi!"

"Chuma chiti, achimwene?" anafunsa mmisiri.

"Gitalayi!"

Mmisiri anafuna kuseka, koma anakumbukira kuti pali namfedwa, n'kungokanda chibwano. Anapendeketsa gitala kuti kuwala kwa pakhomo kugwere m'mphepete mwa bowo la pamimba. "Taonani apa. Mukuona timizere titatu iti? Limeneli si thabwa limodzi ayi, ndi timatabwa topyapyala tomatikiza. Magitala awa amapangidwa ambirimbiri tsiku limodzi, ndi a ophunzira. Yatsopano, nsapato mwavalazo n'zodula kuposa iyo. Yakale ngati iyi, wogula angakupatseni ya basi yobwererera kwanu, mwina n'kutsalako ya sopo."

Bambo aang'ono anayang'ana nsapato zawo. "Koma achimwene anandiuza okha kuti ndi yodula."

"Anakuuzani choncho kuti musaibwereke," anatero amayi, osawayang'ana. "Wailesi yawo ija munabwereka ya sabata imodzi, inabwerako?"

"Aaa, alamu, nkhani zakale zimenezo."

"Koma musamve molakwa," anapitiriza mmisiri. "Kutchipa si kuipa. Zambiri zoterezi zimabwera nsambo zili m'mwamba ngati chingwe choyanikira zovala, tizitsulo ta pakhosi tili takuthwa m'mbali, mwana akaimba sabata imodzi n'kuitaya pansi pa bedi. Iyi inachita mwayi, khosi lake ndi lowongoka. Ndiye inapezanso mwini wake wa manja. Tizitsulo tonseti anatisalaza yekha. Gwirani apa muone, simungachekeke. Ndagwirapo magitala odula kakhumi amene salira mokoma ngati iyi. Kungoti pamsika zimenezo sagula."

Kachete sankamva za mtengozo. Anasendera kufupi, manja atapinda kumbuyo.

"Ikonzeka?" anafunsa.

Mmisiri anachotsa nsambo zonse, n'kulowetsa kagalasi kakang'ono ka chogwirira chachitali m'bowo muja. Anaunikira ndi tochi, akutembenuza kagalasiko uku ndi uku. Kenako analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, maso ali kudenga, zala zikufufuza mkatimo. Panja wina ankayesa sipika, nyimbo ikuyamba ndi kuduka, kuyamba ndi kuduka. Kachete anapeza kuti wagwira nsonga ya bulauzi ya amayi ake, zimene anasiya ali ku pulayimale.

"Mkati simunang'ambike," anatero mmisiri pomaliza. "Ndi guluu yekha watopa. Mukanaisiya chikungire tsiku lina limodzi, kathabwaka kakanazuka ndi mimba yomwe, ndiye bwenzi tikunena zina. Ndikapala guluu wakaleyu, ndimata watsopano, ndipana masiku atatu. Idzalira. Koma iwe mwana, ukadzaonanso chinthu chikudzuka chonchi, choyamba masula nsambo, kulira pambuyo. Ndipo usadzaikungenso mmene foni ikufunira."

"Ndimayesa zinakhwefuka chifukwa abambo amadwala."

"Ayi. Anazitsitsa dala." Mmisiri anamuyang'ana bwinobwino tsopano, kuyambira kumaso mpaka ku manja. "Papita zaka ziwiri. Anabwera pano, anakhala pampando pomwe akhala abambo ako aang'onowa, n'kunena kuti, 'Amisiri, m'nyumba mwanga mwalowa kambewa kamene kakumaimba gitala yanga ine kulibe. Ndapeza kadontho ka magazi pa nsambo yaing'ono. Ndichite bwanji kuti kasamachekeke, koma kasadziwe kuti ndadziwa? Kakadziwa kathawa, sikadzaigwiranso.' Ndiye ndinawaikira nsambo zopyapyala, n'kuwauza kuti azichuna motsika kuti zifewe. Ndinawachenjeza kuti mawu awo ndi okwera, nyimbo zawo ziziwavuta. Anati aphunzira kuimbira pansi."

Bambo aang'ono anatulutsa kampango m'thumba, n'kupukuta nkhope yonse ngati ndi thukuta.

"Munthu ameneyu," iwo anatero, mawu atasasa. "Ine anandimana, n'kupatsa mbewa." Anapinda kampangoko kawiri. "Ikonzeni, bwana. Ikhale ya mwana. Za koleji tikaona kwina."

Kachete sanathe kuyang'ana aliyense. Misozi inkagwera pa tizidutswa ta matabwa tija. Ankadikira kuti amayi ake amukalipire, kapena amufunse chifukwa chake anabisa zaka zonsezi. M'malo mwake anamva akumugwira dzanja lamanzere. Analitembenuza, chikhatho kuyang'ana kumwamba, n'kuyendetsa chala chawo chachikulu pa nsonga za zala zake, pamene khungu linauma ndi nsambo.

"Inunso mumadziwa?" anafunsa Kachete.

"Abambo ako anandiletsa kukufunsa." Amayi anapumira m'mwamba. "Masiku ena tinkakumana pa siteji, n'kubwerera limodzi kunyumba. Tikafika pa mpanda, akamva ukuimba, ankandigwira mkono kuti ndiime. Tinkaima pamenepo, ine katundu ali kumutu, mpaka nyimbo ithe. Ukalakwitsa ankatsinzina, ukakhoza ankandigunda ndi chigongono. Kenako ankayamba kulimbana ndi geti, kuligwedeza, kulitukwana, kuti upeze nthawi yoipachika."

"Geti lija limavuta, amayi."

"Unayamba walionapo likundivuta ine?"

Mmisiri anali atayamba kale kupala guluu wakale ndi kampeni kopyapyala, mwakachetechete. Amayi ake a Kachete sanasiye dzanja lija.