Njere za Mtengo wa ku Tukuyu

Ntchito yanga pa chipata cha m'malire cha Songwe ndi yodula zipatso za eni. Ndili ndi mpeni, botolo la sipiriti, ndi chithunzi cha kagulugufe kotuwa chomata pakhoma. Kagulugufeko kamaikira mazira pa mapeyala, mbozi zake n'kuboola mpaka mkati. Kakangolowa m'dziko muno, minda yatha. Lamulo lake ndi lalifupi: dula khumi, ukapeza mbozi ngakhale imodzi, katundu yense pamoto. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuchita zimenezi, ndipo mtima unaleka kale kundifunsa mafunso.

Lachiwiri masana kunabwera mayi wina wa ku Uraha, dzina lake Yunike, atavala duku lakuda. Anatula kathumba patebulo. Munali mapeyala khumi ndi awiri.

"Ndaga, bwana. Si a bizinesi awa," anatero, kuyamba ndi moni wa kwawo. "Nachokera kutsidya ku Tukuyu, kumaliro a amama. Mtengo wawo adula dzulo, alongo anga akumanga nyumba pamenepo. Ine nikufuna njere zake basi, nikapande kwathu, zikamere."

"Pepani, mayi," ndinatero, monga ndimanenera kwa aliyense. Ndinatenga mpeni.

Loyamba linalibe vuto, lachiwirinso chimodzimodzi. Ndikadula, mayiyo ankatola njere, kuipukuta bwinobwino, n'kuiika pansonga ya chitenje chake. Zitakwana zisanu ndi zinayi anamanga mfundo, n'kuipanira m'chiuno.

Lachikhumi linali ndi kabowo ngati ka singano. Nditaling'amba, kambozi kofiirira kanadzipinda pampeni.

Mayiyo ankayang'ana panja kumlatho wa pamalire, sanaone kanthu. Muofesi munalibe wina. Ndikanatha kukagwetsera pansi n'kupondapo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma dzanja langa silidikira mwini wake. Pomwe ndinkaganiza zimenezo, kambozi kanali kale m'botolo, chitsekerero chili chotseka.

"Yapezeka mbozi, mayi. Mapeyalawa tiwotcha."

"Onse?"

"Onse."

Sanakangane nane. Anthu ena amatukwana, ena amandikumbutsa kuti ndine mlendo kuno. Iye anangokankhira kathumbako kwa ine ndi zala ziwiri, n'kutembenuka kuti azipita.

"Ndi njerezo, mayi," ndinatero. "Fomu imati chipatso chonse."

Anabwerera pakhomo pomwepo. Mfundo ija inali italimba, moti anachita kumasula ndi mano. Kenaka anandiikira njerezo m'manja imodziimodzi. Zinali zofunda.

"Simunalawe n'komwe," anatero. "Ngonona ngati batala. Ana anga sanadyepo."

Ndinadinda fomu, iye n'kusaina. Ndinadikira kuti chisoni chindigwire. Sichinabwere, ndipo zimenezo n'zomwe zinandiopsa pang'ono.

Zonse ndinakaziwotchera kudzenje la kuseri kwa ofesi. Njere ya peyala siipsa msanga. Ndinathira palafini kawiri, ndikutembenuza ndi mtengo, mpaka zonse zinachita makala. Nditadzutsa mutu, mayi Yunike anali chiimire kuseri kwa mpanda wa waya, nsonga ya chitenje yopanda kanthu ija akadaifumbata m'manja.