Mpando Unali Wanga

Ana inu, tazimitsani wailesiyo, mtima ukundiwawa! Ndalota malemu agogo anu aamuna atavala yunifolomu yoyera ija ankavala potsuka galimoto ya bwana ku esiteti ya tiyi. Pabwalo la mpira pandandalika timagalimoto takale ta ku Mangalande, topanda denga, ta mipando iwiri basi. Akuti, "Nankhoma, uwerenge zizindikiro zonse za pamphuno pa magalimotowa. Ukakhoza ndikukweza."

Ine amene zaka zonse zija sanandikwezepo! Sukulu sindinapite, ndiye ndikuwerenga ndi njere za chimanga. Nyalugwe wachitsulo wodumpha, njere. Mapiko a mbalame, njere. China chozungulira ngati chivundikiro cha poto, chotentha mpaka chala kupsa, njere. Nyalugwe uja n'kundinyambita dzanja, lilime lozizira, fungo la petulo. Nkhuku n'kubwera kudzatola chimanga changa, ine n'kuyambiranso. Katatu!

Ndamaliza, ndikukuwa, "Bambo, makumi anayi ndi ziwiri!"

"Wakhoza, Nankhoma."

Kucheuka, pampando pakhala kale Nasibeko, mkazi mnzanga wa kutsidyayu, duku likuuluka pepepe! Akuti, "Pepanitu akulu, malo atha." Vuuu, apita, ine fumbi lokhalokha m'kamwa.

Mwati chiyani, amake Tadala? Wokwera ndi malemu ndiye kuti akumutengera kumanda? Ndikudziwa zimenezo, sindine mwana! Kufa sindikufuna ayi. Koma wawerenga ndani, wapsa chala ndani? Akanandiitana kaye ine, ndikane ndekha!